Mai Amene Anacira Kawiri

Pa mau onse a Cinyanja amene anthu amatumizirana, palibe okondweretsa koposa awa akuti, "Uje wacira." Mlendo wosadziwa cinenero angaganize kuti akunena za munthu amene anali ndi malungo kapena cibayo, koma mwana wa Mcewa amadziwa msanga kuti m'banjamo mwabadwa mwana. Akale anamuyesa wodwala mkazi woyembekezera, namucha wapakati, ndipo akulu amamasulira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Tsono khanda likalira, mai wace ali moyo, amati wacira. Mau amenewa ali ndi nzeru, pakuti amakumbutsa kuti kubala ndi ulendo woopsa. Koma ali ndi cirema cimodzi, ndico cakuti amanenedwa msanga. Akangonenedwa, maso onse amacoka pa mai napita pa khanda, ndipo munthu amene mudzi wonse wamva kuti wacira kumamubvuta kuimirira ndi kunena kuti akumva kuwawa.

Ku Kabwata, kufupi ndi mseu wa Burma, kunali banja lina la anthu a ku Katete. Mwamuna anali kalaliki m'ofesi ina ya Boma ku Ridgeway, munthu wofatsa, wodziwa kusunga mafaelo ndi kuyankha makalata, koma za m'thupi la munthu sanali kudziwa zambiri koposa zimene anajambula m'buku la sukulu. Mkazi wace anali wosoka zobvala pa makina, wa zaka 26, ndipo mimba iyi inali yoyamba. Nthawi yace inakwana m'mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo. Anabvutika usana wonse wa Lolemba pa cipatala cina ca mumzinda wa Lusaka, ndipo madotolo ataona kuti mtima wa mwana wayamba kutopa, anamutulutsa mwa opareshoni usiku womwewo. Anali mwana wamwamuna. Kalaliki uja anaimba lamya ku Katete asanaone ndi nkhope ya mkazi wace yomwe, nati, "Wacira." Lacitatu madzulo amace a mkaziyo anatsika basi pa Intercity atasenza ufa, nsinjiro, cimera ca thobwa ndi nkhuku imodzi yomangidwa miyendo.

Kubala mwa opareshoni si cinthu cacilendo monga kale. Kafukufuku wa Boma wa 2018 anapeza kuti ana 84 mwa 100 m'Zambia anabadwira m'cipatala, ndipo 5 mwa 100 anabadwa mwa opareshoni. M'matauni ciwerengeroco ncokwera koposa kumidzi. Mu Lusaka, kuonjezera pa University Teaching Hospital ndi cipatala ca Levy Mwanawasa cimene cinatsegulidwa mu 2011, zipatala za Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama ndi Chipata nazonso zinakulitsidwa kuti zizicita nchito imeneyi. Amai ndi ana ambiri amene akadafa ali moyo cifukwa ca mpeni wa dotolo, ndipo wowerenga asatenge nkhani iyi ngati yoopseza nayo anthu opareshoni. Koma mimba yotsegulidwa iri ndi malamulo ace. Matumbo akakhudzidwa amagona tulo tsiku limodzi, awiri kapena atatu, ndipo cizindikiro cakuti adzuka ndi cinthu cimene anthu aulemu sachula pagulu, ndico kuphwisa.

Lacinai m'mawa namwino anafika pa kama wa mai uja ali ndi pepala lomutulutsira. Inali nthawi yoona odwala. Pamenepo panali mwamuna wace, amace, ndi akulu ampingo awiri amene anadza kudzaona mwana. Namwinoyo anafunsa monga amafunsira ali yense, nati, "Amai, kodi mwatulutsako mpweya kunsi? Mwapitako ku cimbudzi?" Maiyo anayang'ana pansi, nagwedeza mutu kubvomera. Sanali kunama kweni kweni, pakuti dzulo lace anacitako timadzi pang'ono. Koma mpweya sunatuluke, ndipo mimba inali kulemera ngati wameza mwala. Anafuna kupita kwao, anafunanso kuti funsolo lithe msanga pamaso pa akulu ampingo. Namwino analemba zimene anauzidwa, napereka mankhwala oletsa kuwawa ndi khadi lakuti abwerenso Lolemba lotsatira.

Nyumba yao inali ya zipinda ziwiri. Cipinda cogona cinasanduka cikuta, mokhala mai, khanda ndi agogo, ndipo kalaliki anatenga bulangeti nakagona pa mpando wa pabalaza. Agogowo anagwira nchito yao mwacikondi ndi mwaluso monga anaphunzirira kwa amao. Anaphika phala la nsinjiro, anafulula thobwa kuti mkaka ubwere, anathowa msana ndi madzi ofunda, namanga citenje pamwamba pa bala kuti mimba ibwerere m'malo mwace. Mwana wao atadandaula kuti citenje cikuthina, anayankha kuti, "Pirira, mwana wanga, mimba ya ncembere siphwa tsiku limodzi." Mau amenewo ngoona, koma ali ndi malire. Cimene cimatsala cotupa mwana atabadwa ndi ciberekero. Tsiku loyamba cimamveka ngati mpira wolimba pafupi ndi mcombo, ndipo tsiku liri lonse cimatsika monga sentimita imodzi, kufikira patapita masabata awiri dzanja silingacipezenso. Mimba ya wobala iyenera kutsika. Ya mai uyu inali kukwera, kudutsa mcombo kulinga ku nthiti, ndipo citenje cimene cinakwana Lacinai sicinakwanenso Lacisanu.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, koma m'nyumba muja citseko cinali ndi alonda atatu, onsewo a manyazi. Mkazi anacita manyazi kuuza mwamuna wace kuti sanaphwise kuyambira Lolemba. Agogo sakadakamba ndi mkamwini za m'mimba mwa mwana wao, pakuti apongozi ndi mkamwini amapatsana moni cammbali, wina atagwada. Mkamwininso, ngakhale anamva kubuula usiku, anaopa kugogoda pa cipinda cimene mwambo unamutulutsamo. Anangofunsa ali pakhomo, nati, "Mwagona bwanji, amace mwana?" Ndipo mau ofooka anayankha, "Ndagonako, koma ndadzimbidwa pang'ono." Mau akuti kudzimbidwa anamukhazika mtima pansi, pakuti ndi nthenda ya anthu odya bwino. Pa nthawi ya cakudya ca masana anakwera basi kupita ku Cairo Road, nalowa m'sitolo ya mankhwala, nanena kuti mkazi wace wadzimbidwa. Za opareshoni sanachule, poganiza kuti ndi nkhani ina. Anampatsa botolo la mankhwala otsekemera otsekula m'mimba, a mtundu uja umene umaculukitsa mpweya m'matumbo, ndipo anabwera nalo kunyumba ali wokondwa kuti nayenso wacitapo kanthu.

Nthenda imene inali kukula m'cipinda muja madotolo amaicha ndi dzina la Ogilvie. Sir Heneage Ogilvie anabadwira ku Valparaíso m'dziko la Chile mu 1887, nakhala dotolo wa opareshoni pa Guy's Hospital ku London. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anali mlangizi wa za opareshoni wa magulu a nkhondo a Britain ku East Africa, kumene asikari a Northern Rhodesia Regiment ndi a King's African Rifles anamenyana ndi Ataliana. Mu 1948 analemba mu British Medical Journal za odwala awiri amene mimba zao zinatupa monga mwa anthu otsekeka matumbo, koma powatsegula sanapeze cotseka ciri conse. Cimene anapeza ndi khansa imene inadya mitsempha ya kumbuyo kwa cifu, yolamulira kuyenda kwa matumbo. Odwala acewo sanali amai obala, koma madotolo otsatira anaona kuti zomwezo zimacitika kwa okalamba othyoka fupa la m'ciuno, kwa odwala mtima, kwa amene ali ndi matenda aakulu a m'magazi, ndi kwa akazi acitsikana amene angobala kumene mwa opareshoni.

Madotolo a mu Africa amadziwa bwino thumbo lopotana, pakuti m'maiko ambiri kuno ndiyo imodzi ya njira zimene matumbo amatsekekera kawiri kawiri. Pamenepo njira imatsekeka ndithu, monga cingwe comangidwa mfundo. Nthenda ya Ogilvie iri yosiyana, ndipo munthu wogwira nchito m'ofesi angaimvetse msanga. Faelo ingaleke kuyenda cifukwa citseko ca bwana cakhomedwa, koma ingalekenso kuyenda zitseko zonse ziri zotsekula, cifukwa mesenjala wakhala pansi. Thumbo lalikulu, limene kutalika kwace kuli ngati mita imodzi ndi theka, limakankha za m'kati mwace mwa kufinya pang'ono pang'ono, ndipo kufinyako kumalamulidwa ndi mitsempha ya mitundu iwiri, wina wofulumiza ndi wina woletsa. Ina ya mitsempha yofulumiza imacokera kunsi kwa msana nidutsa kufupi ndi ciberekero. Madotolo amaganiza kuti kulemera kwa mimba, opareshoni, mankhwala amphamvu oletsa kuwawa, kugona osayenda ndi kucepa kwa mcere wa potaziyamu m'magazi, zikakumana pamodzi zimagonetsa mesenjalayo. Njira iri yotsekula, koma palibe conyamula. Ndico cifukwa cace odwala ena amacitabe timadzi kapena kutulutsa kampweya pang'ono, ndipo zimenezi zimanyenga odwazika.

Tsono makalata saleka kufika cifukwa mesenjala wagona. Mpweya umene munthu amameza, ndi umene tizirombo ta m'matumbo timapanga, umaunjikana, ndipo ofesi yoyamba ndiyo imadzala koposa. Ofesi imeneyo ndi ciyambi ca thumbo lalikulu, kathumba kokhala kudzanja lamanja kunsi kwa mimba, kamene Azungu amakacha caecum. Ndipo pamene thumbo liri lotambalala koposa, khungu lacenso nlopyapyala, motero limafufuma monga cubu ca njinga pamalo pofooka. Likatambalala kufika masentimita 12, kapena likakhala lotupa masiku okwana 6, magazi amaleka kufika bwino m'khungu lace, ndipo lingafe kapena kubooka, zonyansa ndi kutayikira m'mimba. Mu 1986 madotolo awiri, Vanek ndi Al-Salti, anasonkhanitsa mbiri ya odwala 400. Pakati pa amene anathandizidwa thumbo liri lamoyo anafa pafupi 15 mwa 100, koma pakati pa amene thumbo linafa kapena kubooka anafa pafupi 40 mwa 100. Ambiri a odwalawo anali okalamba ndi odwala kale, motero mai wacitsikana ali ndi mwai woposa pamenepo. Komabe kusiyana kwa ziwerengero ziwirizo kumaonetsa mtengo wa kucedwa. Nthendayi njosowa, ndipo mzamba angakalambe pa nchito asanaione. Siyang'ananso ngati mai anabalira m'cipinda colipira ca anthu a ku Woodlands ndi Kabulonga kapena m'wodi ya anthu onse.

Loweruka mai uja anayamba kusanza, ndipo kupuma kunali kobvuta cifukwa mimba inakankha cifuwa. Sanathenso kuika mwana pamiyendo poyamwitsa. Agogo anamasula citenje, nayamba kuganiza zina. Anakumbuka mkazi wa nyumba yoyandikana amene anadza kudzaona khanda nakana kulinyamula, ndipo anafuna kutumiza mau kumudzi kuti akafunse. Kalaliki anaturutsa khadi la cipatala naliwerenga kawiri, ndipo popeza linati Lolemba, anati adikire Lolemba. Munthu wa m'ofesi amalemekeza tsiku lolembedwa pa pepala, ndipo nthawi zina amalilemekeza mopitirira.

Amene anathyola manyazi onsewa anali mlongo wa atate ace a mkaziyo, mai wacikulire wa ku Chelstone, amene anadza tsiku la Sabata atatuluka m'chalichi. Sanapite patali ndi sukulu, koma anagwira nchito yokolopa m'mawodi a cipatala zaka zambiri, ndipo maso a munthu wokolopa amaona zambiri zimene madotolo amakambirana pa kama. Analowa m'cipinda, nayang'ana khanda kamphindi cabe, nabvundukula mwana wa mlongo waceyo. Anagogoda mimba ndi zala, ndipo inalira ngati ng'oma yowambidwa pamoto. Atakhudza kudzanja lamanja, wodwala anakuwa.

"Iwe, unaphwisa liti?" anafunsa mosabisa mau.

Wodwala anabisa nkhope, nati, "Kuyambira ku cipatala kuja sindinatero, atate aakazi."

"Mlamu," anatero kwa agogo, "iyi si mimba ya ubereki iai. Ciberekero sicilira cotere, ndiponso sicikwera ku nthiti." Natuluka kupita pabalaza, nati kwa kalaliki, "Atate ace a mwana, funani galimoto tsopano lino."

"Koma khadi likuti mawa, amai."

"Khadi silikumva kuwawa. Funani galimoto."

Anafika pa cipatala cacikulu dzuwa litapendeka. Thupi linali lotentha, mtima unali kuthamanga, ndipo cithunzi ca X-ray cinaonetsa thumbo lodzala mpweya, kathumba ka kudzanja lamanja katapitirira masentimita 12. Anamulowetsa kapaipi m'mphuno kufika m'cifu, namuika madzi a m'mitsempha ndi mankhwala opha tizirombo, ndipo dotolo wa opareshoni anaitana mwamuna kuti asaine. Kalaliki amene anasaina mapepala a anthu ena zaka khumi analephera kugwira bwino colembera. Usiku umenewo anatsegulanso mimba imene inasokedwa masiku 6 apitawo. Cotseka sanacipeze, koma kathumba kaja kanali katada, ndipo kanali ndi kabowo kakang'ono kamene kanayamba kudontha. Anadula mbali ya kumanja ya thumbo lalikulu, ndipo popeza m'mimba munali mutaipa kale, sanalumikize matumbo nthawi yomweyo. Anatulutsira nsonga ya thumbo laling'ono pakhungu la mimba, kuti zonyansa zizigwera m'kathumba ka pulasitiki.

Cowawa pa nkhani iyi ncakuti Lacinai kapena Lacisanu mpeni sukadafunika. Nthendayi ikadziwika msanga, kawiri kawiri amangoleketsa wodwala kudya ndi kumwa, namupatsa madzi a m'mitsempha, nakonza mcere wa m'magazi, nacepetsa mankhwala ogonetsa matumbo, namuyendetsa m'wodi, ndipo ambiri amacira ndi zomwezo. Zikakanika pali mankhwala akale ochedwa neostigmine. Mu 1999 madotolo a ku Seattle m'dziko la America anawayesa pa odwala 21. Mwa 11 amene anabayidwa mankhwalawa, 10 anatulutsa mpweya ndipo mimba zao zinaphwa, ambiri mphindi zowerengeka cabe. Mwa 10 amene anabayidwa madzi a mcere panalibe ndi mmodzi yemwe. Mankhwalawa amacedwetsa mtima, motero amaperekedwa m'cipatala mokha, dotolo ali pomwepo ndi mankhwala ena obwezera. Palinso njira yolowetsa kapaipi kounikira kunsi ndi kukoka mpweyawo. Zonsezi zimafuna thumbo lamoyo, ndipo thumbo la mai wa ku Kabwata linali lamoyo pamene anagwedeza mutu pamaso pa akulu ampingo, linalinso lamoyo pamene mwamuna wace anali pa mzere m'sitolo ya ku Cairo Road.

Anakhala m'cipatala masabata atatu. Masiku oyamba khanda linamwa mkaka wa m'citini, ndipo agogo, amene sanakhulupirire kuti mwana angakule ndi madzi a ufa woyera, anaphunzira kuwiritsa kapu ndi kuwerenga timasupuni. Mkaka wa mai unatsala pang'ono kuuma, koma anamwino anamulimbikitsa kufinya ngakhale ali ndi mapaipi, ndipo unabwerera. Za mkazi wa nyumba yoyandikana sizinachulidwenso. Iyeyo ndiye anacapa matewera masabata onsewo.

Atabwerera kunyumba, cinthu cimene banja lonse linaopa kuchula cinakhala pamimba poonekera, m'kathumba kofuna kukhuthula kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Manja a wodwala anali onjenjemera, maso a agogo sanali kuona bwino pomata, motero nchitoyo inagwera kalaliki. Anaphunzira kudula bowo la kathumba molingana ndi nsonga ya thumbo, kupukuta khungu kuti lisanyuke, ndi kuzungulira masitolo a m'tauni pofuna matumba pamene a ku cipatala anatha. Madzulo ali onse anali kulemba m'kabuku kucuruka kwa zotuluka ndi kwa madzi amene mkazi wace wamwa, pakuti dotolo anati munthu wa kathumba kotere amauma msanga m'thupi. Tsiku lina apongozi ace anamufunsa okha, osatumanso mwana, nati, "Abambo, kodi lero zatuluka zotani?" Ndipo iye anawawerengera za m'kabukumo monga amawerengera lipoti kwa bwana wace.

Itapita miyezi itatu madotolo analumikiza matumbo natseka bowo lija. Tsiku lacitatu la opareshoni yacitatuyi namwino anafika pa kama nthawi yoona odwala, ndipo anthu analipo ambiri koposa poyamba paja. Asanatsirize funso lace, maiyo anayankha mokweza kuti anaphwisa kawiri m'bandakuca ndi kamodzi dzuwa litatuluka, ndipo amai a pa makama oyandikana anaseka mpaka kugwira mabala ao.

Mvula inali itagwa kale, ndipo agogo anali ndi nkhawa ndi munda wao wa ku Katete umene anthu ena anawabzalira. Pomanga katundu anafunsa mlamu wao wa ku Chelstone, nati, "Nanga kumudzi ndikanene kuti ciani? Paja anamva kale kuti wacira."

Mai wacikulire uja anayang'ana mwana wa mlongo wace, amene anakhala pamkeka akuyamwitsa, mbale ya nsima iri pambali atadyako theka.

"Mukanene kuti wayamba kudya," anatero. "Zinazo tidzaimba lamya."